Vinyo wofiira woumitsa mkamwa: anandigulitsa wowonongeka kapena?

MlamuWaTurf
Abale anzanga a kuno ku Johannesburg, odziwa za vinyo ndithandizeni. Loweruka lapitali tinaotcha nyama kunyumba, kunabwera alamu anga ndi akazi awo, nde ndinati ulendo uno tisamangomwa zotsekemera zomwezi, ndigule chinthu chaulemu wake. Ndinalowa mushopu ya mowa nkutenga Cabernet Sauvignon wa ku Stellenbosch wa 2022, mtengo wake sindinena koma thumba linamva. Tinatsegula nyama isanapse, aliyense kungomwa kamodzi nkhope tsinya, lilime kuuma gwa, nkhama kukhakhala, malovu onse balala. Akazi a alamu angawo anangoti "alamu, uyu ngowola uyu" nkuthiramo Coke. Nde funso langa, anandigulitsa wowonongeka kapena wa feki? Ndikufunsa chifukwa mwezi wamawa kukubwera apongozi aamuna kuchokera ku Zomba, amakonda wofiira, sindikufuna manyazi kawiri.

Dolo_wa_Yeoville
Kkkkk amwene mwagula mankhwala a chifuwa pa mtengo wa nsapato. Bwererani ku Four Cousins, sanalakwire munthu.

NaBanda_Rosettenville
Lisiti muli nayo? Kabwezeni. Masiku ano zinthu za feki zachuluka, olo mowa akumapanga kuseri kwa nyumba nkumata mapepala.

WetaWaParkhurst
Achimwene a ku Turf musakabweze, akakusekani ulele. Mmene mwafotokozeramu vinyoyo alibe vuto, ndi mmene Cabernet wamng'ono amakhalira. Ine ntchito yanga ndi yoperekera zakudya mu lesitilanti, mabotolo ndimatsegula tsiku ndi tsiku, ndipo dandaulo lanuli ndimalimva kwa makasitomala, azungu omwe.

Chomwe chinakuumitsani mkamwacho ndi tanini. Amapezeka mu makoko a mphesa, mu njere zake, mu timitengo togwira mphesa tija, komanso wina amachokera mu migolo ya mtengo wa oak momwe amasungiramo vinyo. Madzi a mphesa, olo mphesa zakuda, ambiri amakhala oyera. Kuti vinyo afiire amasiya madziwo awire limodzi ndi makoko ndi njere kwa masiku angapo, pena masabata, nde mtundu umatuluka mu makoko koma umatuluka ndi tanini yemwe. Nchifukwa chake vinyo woyera saumitsa mkamwa chonchija, madzi ake amawapatula ku makoko asanayambe kuwira.

Tsono tanini akalowa mkamwa amagwirana ndi mapulotini a mmalovu. Malovu aja ntchito yake nkutereretsa mkamwa, nde akagwidwa lilime limayamba kukhuzana ndi nkhama popanda chotereretsa, nkumamva kukhakhala. Cabernet Sauvignon mphesa zake nzazing'ono, makoko okhuthala, njere zambiri poyerekeza ndi madzi, nde tanini amachuluka. Inu munatenga wa 2022, sanakhalitse, nkumumwa mmimba muli pululu nyama isanafike. Palibe mmene akanakukomerani.

Wowonongeka amadziwika ndi fungo. Akamanunkha ngati katoni yonyowa kapena nkhungu, ndiye kuti chitsekero chinali ndi vuto. Akamanunkha viniga, kapena mtundu wapita ku bulauni pomwe ndi wa zaka zochepa, mpweya unalowa kapena anapsa ndi kutentha. Zimenezo munazimva?

MlamuWaTurf
Ayi fungo linali bwinobwino, ndipo linali lokoma kuposa kakomedwe kake. Koma akulu mukundiuza kuti anthu amalipira ndalama zambiri dala kuti aume mkamwa?

Dolo_wa_Yeoville
Funso limenelo ndi lomwe ndimafunsa ine chaka chilichonse.

Che_Mangochi_Mayfair
Ine mowa sindimwa, chipembedzo sichilola, koma nkhani ya tanini ndingalowererepo chifukwa ali mu tiyi yemwe timamwa tonsefe. Achimwene yesani izi mawa mmawa. Tengani masamba a Chombe kapena tiyi wina aliyense wakuda, muike ambiri, musiye mmadzi otentha mphindi 10, musaike shuga kapena mkaka, mumwe. Mumva kuuma komwe mukunenako. Kenako thiranimo mkaka mumwenso, muona kuti kwachepa. Tanini wagwirana ndi mapulotini a mumkaka mmalo mogwira malovu anu. Bambo anga anagwira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, ankati tiyi wosaluma lilime pang'ono ndi madzi otentha chabe.

WetaWaParkhurst
Che Mangochi mwandithera mawu. Ndi chimodzimodzi ndi nyama. Mukaluma nyama ya ng'ombe yonona kapena ya nkhosa, mafuta ndi kamchere kali mkamwa, nkumwera Cabernet yemweyo, amasintha kukhala munthu wina. Kuuma kuja kumachepa, zipatso zimamveka, ndipo iye amatsuka mafuta aja mkamwa moti nthuli yachiwiri imakoma ngati yoyamba. Anthu amalipira chimenecho. Vinyo wa tanini wambiri sanapangidwire kumwa uli chiimire pafupi ndi mbaula ukudikira makala agwire.

NaBanda_Rosettenville
Chabwino ndamva. Koma ine ndimaona ngati ukaona palembedwa dry ndiye woumitsa mkamwayo, nde ndimangowalambalala onse.

Mphunzitsi_Midrand
Ayi mayi, zinthu ziwiri zosiyana zimenezo. Dry akunena za shuga, kuti shuga wa mu mphesa watha pafupifupi yense powira. Malamulo a kuno amati vinyo wotchedwa dry asapitirire magalamu 5 a shuga pa lita, kupatula ena owawasa kwambiri omwe amaloledwa kupitirirako pang'ono. Sauvignon Blanc, woyera uja, amakhala dry koma tanini alibe kwenikweni. Pinot Noir ndi dry koma ndi wofewa. Mukalambalala onse olembedwa dry mutsala ndi a shuga okhaokha, ndipo shugayo ndi amene amabisa tanini mu vinyo wofiira wotsekemera uja.

Njira yosavuta ndi kuwerenga dzina la mphesa pa botolo. Kuno akalemba dzina la mphesa imodzi, lamulo limafuna kuti 85 pa 100 iliyonse ikhale mphesa imeneyo, nde dzinalo silinama. Kachizindikiro ka Wine of Origin kali pakhosi pa botolo kaja, dongosolo lake linayamba mu 1973, kamatsimikiza dera, chaka ndi mphesa. A NaBanda mumanena za feki zija, yambani mwayang'ana kameneko.

Olimba kwambiri ndi Cabernet Sauvignon, Petit Verdot, Tannat, ndi Nebbiolo wa ku Italy amene amapangira Barolo. Barolo lamulo lake salola kumugulitsa asanakhale miyezi 38, mwa imeneyo 18 mu migolo, chifukwa akadali mwana sagwirika. Shiraz, Malbec ndi Pinotage ali chapakati kupita kumtunda, zimatengera wopanga. Merlot amafewerapo. Ofewa enieni ndi Pinot Noir, Cinsaut ndi Grenache.

Dolo_wa_Yeoville
Aphunzitsi mayeso ake liti? Ine ndangogwira Tannat chifukwa akumveka ngati dzina la mankhwala a nsikidzi.

Mphunzitsi_Midrand
Kkkk ndi mphesa ya ku Madiran kummwera kwa France, ndipo ku Uruguay anaitenga ngati yawoyawo. Inu Dolo musamuyandikire, mungalire.

Anganga_a_Randburg
Ana inu, ine ndaphikira mabwana kuno ku Joni kuyambira ena a inu musanabadwe. Nyumba yomwe ndinakhalitsa, abwana anali ndi kachipinda kapansi kozizira kodzaza mabotolo ogoneka chammbali. Akagula Cabernet kapena Meerlust Rubicon samamukhudza, amalemba chaka ndi choko pa shelefu nkuiwala. Patapita zaka 8 kapena 10 mpamene amati anganga lero phikani mchira wa ng'ombe. Ndimauphika pamoto wochepa kuyambira mmawa, anyezi, karoti, kapu imodzi ya vinyo wotchipa mumphika momwemo, mpaka nyama izichoka yokha pa fupa. Botolo lakalelo amaliimika chilili dzulo lake kuti nsenga zitsike pansi, nde pothira mu jagi amathira pang'onopang'ono atayatsa kandulo kuseri kwa khosi la botolo, akangoona zakuda zayamba kubwera amasiya. Anandilawitsako. Kuuma kuja kunalipo koma kosalala, kosakanda. Nde a Turf, botolo lanulo likanagona zaka zina zisanu mukanaimba nyimbo ina.

MlamuWaTurf
Zikomo anganga. Koma ine kachipinda kapansi ndikatenga kuti, ndimachita lendi chipinda cha kuseri cha malata, mwezi wa Disembala mumatentha moti kandulo amapindika yekha.

WetaWaParkhurst
Mmenemo musasungemo vinyo zaka, apsa. Kusunga kumafuna malo a madigiri 12 mpaka 15 osasinthasintha, amdima. Ife ambiri tilibe, nde tigule oti timwe chaka chomwecho. Ndipo mabotolo ambiri a mu Checkers, Tops kapena Woolworths anapangidwa kuti amwedwe msanga, opanga anafewetseratu. Ofuna kugona ndi ochepa, nthawi zambiri odula aja.

Bigman_Sandton
Apa nde ndikutsutsani a Weta. Vinyo ndi ndalama basi. Ukagula wa R80 uyembekezere kukandidwa pakhosi, ukagula wa R600 amatsika yekha. Munthuyu anangogula wotchipa akuchita manyazi kunena.

MlamuWaTurf
A Bigman sanali wa R80, chonde.

WetaWaParkhurst
A Bigman pang'ono mukunena zoona, pang'ono ayi. Wodula nthawi zambiri tanini wake amakhala wosalala chifukwa mphesa anazithyola zitapsa bwino, njere zitada, ndipo sanazifinye mwankhanza. Mphesa zosapsa ndi kufinya kwambiri zimatulutsa tanini wowawa wokanda. Koma kuchuluka kwake, wodula wamng'ono amatha kukhala ndi wambiri kuposa wotchipa, chifukwa amamusiya nthawi yaitali ndi makoko komanso amamuika mu migolo yatsopano ya malita 225 kapena 300, dala kuti adzakhalitse. Tengani opanga vinyo a Kanonkop, ali ndi Paul Sauer wodula uja ndi Kadette wotsikirapo. Mutatsegula onse awiri a chaka chatsopano lero, anthu ambiri pagulu pano angasankhe Kadette, chifukwa Paul Sauer nthawi yake sinakwane. Ndaonapo kasitomala akuitanitsa botolo lodula kwambiri pa menyu kuti aonetse kwa chibwenzi, nkudya ndi saladi, botolo kutsala theka.

Bigman_Sandton
Theka lotsalalo munamwa ndinu eti?

WetaWaParkhurst
Funso limenelo loya wanga wandiletsa kuyankha.

Mtsikana_wa_Cosmo
Kkkkk. Koma inu mukunyoza akazi a alamu aja chifukwa chothira Coke, simukudziwa kuti chimenecho ndi chakumwa chodziwika? Kuno amati katemba, ku Mozambique nakonso amamwa. Theka vinyo wofiira theka Coke ndi ayisi. Ine Tassenberg ndi Coke pa Khisimisi sindisintha olo mundiseke.

Anganga_a_Randburg
Tassenberg thirani Coke mwana wanga, palibe akuletseni. Koma wa ku Stellenbosch wa ndalama zake kuthira Coke ndi kuphika chambo cha pa Makawa nkuchithira shuga.

Dolo_wa_Yeoville
Mwatchula chambo anganga mwandikumbutsa kumudzi. Alipo akutsika sabata ino andibweretsere usipa ndi kambuzi? Wa kuno tsabola sawawa.

Transporter_Blantyre_Joni
Ndikunyamuka ku Blantyre Lachinayi, lembani ku inbox. Koma poti nkhani ndi ya vinyo ndinenepo zomwe ndimaona. Anthu amanditumiza mabotolo ndi mabokisi a malita 5 opita kumudzi pa maukwati. Katunduyo amakhala mu tirela masiku awiri kapena atatu, tiime pa Beitbridge dzuwa lili pamutu, tidutse Nyamapanda, nde Tete mukumudziwa kutentha kwake mwezi wa Okutobala. Pofika pa Mwanza mabotolo ena chitsekero chatukuka, vinyo wadontha mmbali. Akalandira amati kuno mumagulitsa vinyo woipa. Ngati mukutumiza, tumizani nthawi yozizira ya Juni kapena Julayi, mukulunge mu bulangeti pakati pa katundu, osati pamwamba pafupi ndi tenti.

NaBanda_Rosettenville
Nanga kumudzi kulibe vinyo wathu? Ndinamwapo Linga wa ku Lilongwe.

Mphunzitsi_Midrand
Alipo Linga, koma amapangidwa ndi zipatso zina monga jambula, mapulamu ndi chidede, osati mphesa za mitundu tikukambayi. Nkhani yake ndi ina. Jambula naye amaumitsa mkamwa ukamudya, ndi tanini yemweyo.

MlamuWaTurf
Abale tabwererani kwa ine, apongozi akubwera ndithu. Ndigule chani? Mnzanga wa kuntchito akuti Pinotage poti ndi wa konkuno.

Bigman_Sandton
Pinotage ayi. Amanunkha matayala opsa ndi penti. Mukapatsa apongozi ameneyo akakulandani mkazi.

Mphunzitsi_Midrand
A Bigman mbiri imeneyo ndi yakale. Zinalipodi, Pinotage wosapangidwa bwino amatulutsa fungo limenelo, koma opanga anaphunzira. Mphesayi anaipanga ndi Abraham Perold ku yunivesite ya Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, yomwe nthawi imeneyo kuno ankaitcha Hermitage, nde dzina linachokera pamenepo. Botolo loyamba kulembedwa Pinotage linali la Lanzerac la 1959, linatuluka mu 1961. Ndipo mu 1991 Beyers Truter wa ku Kanonkop anapata mphoto ya wopanga vinyo wopambana pa mpikisano wa ku London, Pinotage ali patsogolo. Chodabwitsa nchoti makolo ake onse awiri ndi ofewa koma mwanayo makoko ake ngokhuthala, tanini ali naye ndithu. Nde a Turf ngati mukuthawa kuuma mkamwa, Pinotage wolemera sikothawira. Alipo ena opepuka, komanso aja onunkhira khofi ndi chokoleti omwe Diemersfontein anayambitsa mu 2001, amenewo ongoyamba kumene amawakonda.

Mtsikana_wa_Cosmo
Wa khofi uja amathiramo khofi weniweni?

Mphunzitsi_Midrand
Ayi, fungolo limachokera ku matabwa a oak owauka pamoto. Khofi salowamo.

WetaWaParkhurst
A Turf, musayambe ndi funso loti ndigule chani, yambani ndi loti tidzadya chani. Ine kasitomala akandifunsa vinyo ndimayamba ndamufunsa mbale yake.

Ngati ndi nyama ya ng'ombe yootcha, nthiti za nkhosa, boerewors, mchira wa ng'ombe, mang'ina, mbuzi yokazinga bwino, apo Cabernet kapena Shiraz ali pakwawo. Biltong ndi tchizi cholimba nazonso zimamugwira bwino, mukhoza kuika patebulo anthu azitola podikira. Ngati ndi nkhuku ya lokolo, nyemba, kapena nyama ya nkhumba, tsikirani ku Merlot, Cinsaut kapena Grenache. Swartland kukuchokera Cinsaut ndi Grenache abwino masiku ano, Pinot Noir wabwino ndi wa ku Hemel-en-Aarde kufupi ndi Hermanus koma ameneyo amadula. Ngati ndi chambo kapena usipa, wofiira wolimba musayerekeze, mkamwa mumamveka chitsulo ndipo fungo la nsomba limakula. Apo woyera wa Chenin Blanc basi.

China chomwe a Malawi timaiwala ndi tsabola. Kambuzi kapena Nali ukathira wambiri nkumwera vinyo wa tanini wokhala ndi alcohol 14.5 peresenti, moto umawirikiza, kuwawa kumakulanso. Ngati apongozi ndi okonda tsabola apatseni wofewa wozizirirapo.

Kwa munthu amene simukudziwa bwino kukonda kwake, osakaniza ndi abwino chifukwa mphesa yofewa imaziziritsa yolimba. Chateau Libertas alipo kuyambira 1932, Nederburg Baronne, Alto Rouge, Roodeberg, Kadette, onsewa amapezeka paliponse ndipo sakuphani mthumba. Madala ambiri a kumudzi omwe anagwirapo ntchito kuno amawadziwa maina amenewa. Ndipo pa shelefu mukapeza awiri ofanana, wina wa 2023 wina wa 2020, tengani wakaleyo bola shopuyo isakhale yoika mabotolo pawindo padzuwa.

Chef_wa_Fourways
Ndiwonjezere za kuzizira, chifukwa apa mpamene anthu amaononga. Amati wofiira amamwedwa pa kutentha kwa mnyumba, koma nyumba zake ndi za ku Ulaya. Amafuna madigiri 16 mpaka 18. Kuno Januwale mnyumba mumafika 28, vinyo amangomveka alcohol yekhayekha. Muikeni mu fuliji mphindi 20 kapena 30 musanatsegule. Koma osamugoneka mu fuliji usiku wonse nkumwa ali zii, kuzizira kwambiri kumapangitsa tanini kuluma kuposa kale ndipo fungo limabisala. Mwezi wa Julayi nde zimatembenuka, botolo likakhala mukhitchini yozizira ija muyenera kulifunditsa galasi mmanja kaye.

Ndipo mutsanulireni mu jagi ola limodzi anthu asanadye. Jagi wamba wagalasi wa madzi uja akwanira, zodula zija nzongokongoletsa. Kungotsegula chitsekero nkusiya botolo chilili sikuthandiza, pakhosi mpopapatiza mpweya sufika.

Mphunzitsi_Midrand
Za jagi ndili ndi chikaiko a Chef. Tanini kuti asinthe zenizeni, agwirane mpaka ena atsike pansi ngati nsenga, zimatenga zaka, osati ola. Chomwe jagi amachita nkutulutsa fungo lotsekeka lija ndi kudzutsa fungo la zipatso, nde munthu ukamva zipatso zambiri umaona ngati kuuma kwachepa.

Chef_wa_Fourways
Aphunzitsi, kaya tanini wasintha kaya ndi mutu wanga wasintha, kasitomala akumwa akumwetulira. Ine za ma molecule ndilibe nazo ntchito.

WetaWaParkhurst
Nonse mukukhoza. Yesani nokha a Turf, thirani galasi limodzi mulisiye ola, kenako muthire lina latsopano kuchokera mu botolo mufananize. Koma botolo lakale kwambiri ngati la abwana a anganga lija musalisiye mu jagi nthawi yaitali, limafooka msanga.

Dolo_wa_Yeoville
Ine vuto langa ndi mutu. Galasi limodzi la wofiira mawa lake mutu ngati andimenya ndi mpini. Akuti ndi ma sulphites, mankhwala oteteza vinyo kuti asaonongeke olembedwa kumbuyo kwa botolo aja.

Nesi_wa_Soweto
A Dolo galasi lanu limodzilo ndi lalikulu bwanji? Kkkk. Ma sulphites anthu amawanamizira, vinyo woyera nthawi zambiri amakhala ndi ochuluka kuposa wofiira, ndipo zipatso zouma monga ma apricot zili ndi ambiri kuposa vinyo koma palibe amadandaula mutu. Amene amavutika nawo kwenikweni ndi ena odwala asima. Mutu nthawi zambiri ndi alcohol yemweyo ndi kusamwa madzi, ofiira a kuno ambiri ali pa 14 kapena kuposa pomwe Green ali pafupi ndi 5. Alipodi anthu ena omwe wofiira amawadzutsira mutu waching'alang'ala olo amwe pang'ono, ngati ndinu mmodzi wa iwo ingomusiyani, palibe mphoto.

Poti mwatchula tiyi, tanini amachepetsa ayironi yemwe thupi limatenga ku ndiwo zamasamba ndi nyemba, nde amene magazi ndi ochepa musamamwere tiyi wakuda pa chakudya, dikirani ola. Oyembekezera vinyo ayi, olo wofewa. Ndipo a Turf apongozi mukawatenga pa galimoto, malire a mowa wa mmagazi kwa oyendetsa kuno ndi 0.05, magalasi awiri akhoza kukupyoletsani. Itanani Bolt.

Dolo_wa_Yeoville
Anesi galasi langa ndi kapu ya pulasitiki ya thobwa ija, musandiweruze.

Mtsikana_wa_Cosmo
Nde nchifukwa chake mutu. Koma funso, anthu akuda alipo opanga vinyo kuno kapena timangothyola mphesa ndi kuperekera?

Mphunzitsi_Midrand
Alipo ndipo akuchuluka. Ntsiki Biyela wa ku KwaZulu-Natal ndi mayi woyamba wachikuda kukhala wopanga vinyo mdziko muno, anayamba ku Stellekaya mu 2004, pano ali ndi kampani yakeyake ya Aslina, dzina la agogo ake. Ali ndi Cabernet Sauvignon komanso wosakaniza wotchedwa Umsasane. Mukafuna kulawa mitundu yambiri osagula mabotolo, WineX imachitika ku Sandton Convention Centre chakumapeto kwa chaka, umalipira pakhomo nkumazungulira ndi galasi. Kumeneko mpamene mungaike Cinsaut ndi Cabernet pafupi nkumva kusiyana kwake pa lilime lanu.

Bigman_Sandton
Chaka chatha ndinaliko. Anthu amalavulira mu ndowa vinyo wa ndalama zake, mtima unandiwawa.

MlamuWaTurf
Ndafunsa mayi a kunyumba, akuti bambo awo nyama ya ng'ombe anasiya, a dokotala anawaletsa. Tidzapha nkhuku ya lokolo, mpunga wa Kilombero omwe abweretse okha, ndi nyemba. Tsabola amadya wambiri. Bajeti R150 pa botolo, awiri.

Nesi_wa_Soweto
Ngati anawaletsa nyama chifukwa cha gout kapena BP, afunseni kaye ngati mowa sanawaletsenso. Madala amabisa zimenezi akafika kwa mkamwini.

WetaWaParkhurst
Anesi anena zoona, yambani pamenepo. Akakhala kuti amaloledwa, pa nkhuku ndi tsabola Cabernet muiwaleni. Tengani Cinsaut kapena Grenache mmodzi, muzizire pang'ono monga anenera a Chef, ndi Merlot kapena wosakaniza mmodzi ngati angafune wolemererapo. Pa R150 mupeza, funsani wa mushopu akuonetseni shelefu ya Swartland. Yang'anani alcohol kumbuyo, 13 kapena 13.5 ndi bwino kuposa 15.

NaBanda_Rosettenville
Nanga akatsala mu botolo amakhala masiku angati? Ine ndimaona ngati akagona waonongeka.

WetaWaParkhurst
Tsekani bwino muike mu fuliji chilili, masiku atatu mpaka asanu ali bwino, mudzangomutulutsa afunde pang'ono musanamwe. Wa tanini wambiri ndi amene amapirira, mwinanso tsiku lachiwiri amakoma kuposa loyamba. Wofewa ngati Pinot Noir amatha msanga. Akayamba kuwawasa musataye, thirani mu nyama pophika. Ndathawa, shifiti ikuyamba 4 koloko ndipo taxi za pa Bree mukuzidziwa.

Dolo_wa_Yeoville
Vinyo wotsala mu botolo ndi chani? A Transporter onani inbox, usipa wa K10,000 ndi kambuzi.